Jekete Yoyera pa Sitima ya ku Durban

Ana inu, taikani kaye mafoniwo pansi. Iwe Takondwa, kuyambira dzana wakhala ukundilozera sitima zapamadzi pa kagalasi kakoko, uku ukufunsa kuti, agogo, imene munakwera ija si iyi? Nanga bwanji inu simukamba za ulendowo, chikhalirecho agogo aakazi amaukamba ngakhale pamzere wa kuchigayo? Wafunsa bwino. Lero agogo anu aakazi apita kumaliro ku Bangwe, ndiye palibe wondidula mawu. Sendera kuno Dalitso, usiye kukanda chipupacho.

Inu mwandidziwa ndili kale nkhalamba ya pakhonde pano, yongoyang'ana maminibasi akutsika ku Goliyo. Koma moyo wanga wonse ndinali khuki wa azungu. Bambo anga anachokera ku Mozambique wapansi, n'kudzathera m'minda ya tiyi ku Thyolo. Ine tiyi ndinamuthawa, ndinabwera mu Ndirande muno ndi malaya amodzi, nthawi imene phiri ili linali ndi mitengo yoti masana ukalowamo umachita mantha. Ntchito yoyamba inali yotchetcha kapinga ku Nyambadwe. M'mawa uliwonse ndinkaoloka Nasolo opanda nsapato, madzi ake oyera oti n'kumwa, osati zimene mukuona lerozi. Atandilowetsa m'khitchini, bwana woyamba anati khuki amene analipo kale dzina lake linali Jemusi, ndiye nanenso ndikhala Jemusi, kuti adona asavutike kuloweza lina. Ndinakhala Jemusi mpaka imvi.

Iwe Dalitso umalira magetsi akathima kuti yunifolomu siisitika. Ife tinkasita ndi simbi ya makala, kuipeperera mpaka maso kufiira, ndipo kakhala kamodzi kakagwera pa malaya a bwana, ntchito yatha. Sitachi tinkapanga tokha ndi chinangwa. Keke ndinkaphika pa chitofu cha nkhuni, kutentha kwake kuyesa ndi kuseri kwa dzanja. Koma chimene ndikufuna muchimvetse bwino ndi kabelu. Pa tebulo la azungu pankakhala kabelu kamkuwa, adona akafuna chinthu ankangokagwedeza. Poyamba umamva belu, n'kuganiza, n'kunyamuka. Zikapita zaka, miyendo imanyamuka yokha, mutu n'kumatsatira pambuyo. Tsiku lina ku Misa, belu la paguwa litalira anthu onse akugwada, ine ndinangopezeka ndaimirira, ndikuyang'ana khomo la kukhitchini m'tchalitchi. Agogo anu anachita kundikoka thalauza. Sekani, nanenso ndinaseka tsiku limenelo.

Azakhali anu a Rozina anakulira m'kachipinda ka antchito kuseri kwa nyumba ya bwana ku Sunnyside. Ku kapinga wa kumaso sankaloledwa kufikako. Azungu akakhala ndi phwando, mwanayo ankabisala mumpanda wa maluwa n'kumandionerera ndikuzungulira ndi thireyi, ndipo ndikabwerera ndinkamupatsa m'mphepete mwa keke, mopserera muja. Anali mwana wosalankhulalankhula, koma maso ake sankaphonya kanthu. Anaphunzira, anakhala namwino, anakwatiwa ndi bambo a Tadala, ndipo onse anakapeza ntchito ku Durban.

Bwana wanga wotsiriza, pobwerera kwawo, anandisiyira jekete yake yoyera ya kuphwando ndi katayi kakuda kooneka ngati gulugufe. Jekete imeneyo ndinkaisita ndine zaka zonse, ndinkaidziwa msoko uliwonse. Ndinaipinda bwino n'kuiika pansi pa sutikesi. Ndikanaivala kuti? Ku ukwati wa ku Malabada, fumbi lili koboo?

Chaka china, mvula itangotha, Rozina anaimba foni. Anati iye ndi amuna ake akonza zoti atitengere pa sitima yaikulu yoyenda pa nyanja ya mchere, imene anthu amakwera osati popita kwina kwake ayi, koma kungokwera basi, kudya, kugona, n'kubwerera pomwe anachokera. Ine ndinati zimenezo ndi za anthu osowa chochita. Iye anati:

"Ababa, mwaperekera anthu zakudya moyo wanu wonse. Ndikufuna tsiku lina mukhale pansi, wina akuperekereni inuyo, ine ndikuona ndi maso angawa."

Ndinangopereka foni kwa amayi ake.

Kukonzekera kwake kunatitengera nyengo yonse yozizira. Ziphaso zokha tinaziyendera mpaka nsapato kutha zidendene, lero akuti chithunzi chada, mawa akuti khutu silikuoneka. Agogo anu nkhani anaiwanditsa Ndirande yense. Kumpopi ankadziwa, kumsika ankadziwa, kumphakati anatipempherera ngati tikupita kunkhondo. Ena ankati tikupita ku Monkey Bay, agogo anu n'kumawakonza kuti ayi, iyi ndi nyanja ya mchere, yopanda tsidya. A Nachisale oyandikana nafe apa anabwera kudzawalangiza kuti atafune ginja akayamba chizungulire. Ndiye katundu amene analongeza agogo anuwo! Ufa, mfutso, usipa, chigumu, mpaka mthiko. Ndinati kodi tikusamuka? Anati iwo sangadalire zakudya za pamadzi.

Rozina anatiuzanso kuti pa sitimapo pamakhala madzulo amodzi apadera, pamene mkulu woyendetsa sitimayo amadya ndi anthu, ndipo aliyense amavala zapamwamba. Anati andigulira suti komweko. Ndinakana. Ndinati suti ndili nayo, yoposa ya m'sitolo iliyonse. Ndinatulutsa jekete ija, ndinapita nayo kwa telala wa pakhonde kumsika kuti aibweze mapewa, poti bwana uja anali chimunthu. Ndinaichapa ndekha, kuiviika mu sitachi wa chinangwa, kuisita ndi simbi ya makala ngakhale magetsi analipo. Mumtima ndinkati, lero Jemusi avala za bwana.

Tinanyamuka pa basi, kudzera ku Mwanza, Tete, Zimbabwe, mpaka ku Joni, miyendo kutupa ngati mitondo. Inu mumati ulendo wa ku Limbe ndi wautali minibasi ikaima pa Maselema kudikira anthu. Simunayende. Ku Joni anatichingamira bambo a Tadala, n'kutitengera ku Durban pa galimoto. Rozina atatsegula chikwama cha amayi ake anaseka mpaka kukhala pansi. Ufa ndi usipa zinatsala kunyumba kwake. Mthiko wokha agogo anu anaubisa mu chitenje, unakwera nawo sitima.

Sitimayo, ana inu, pa foni imachepa. Ndinaima padoko n'kukweza mutu mpaka chipewa kugwa. Ndi mudzi wathunthu wosanjikizana, wokhala ndi masitolo, zikepe, malo ovinira, ngakhale dziwe losambira pamwamba pake, ngati kuti madzi akuzungulira aja sakukwana. Ku dziweko ndiye kunachitika zoti agogo anu sakamba kuchigayo. Tsiku loyamba tinakwerako kukaona, tinangoti tatulukira, uyu mkamwini wathu akuvuuka m'madzi ndi kakabudula kongobisa pang'ono, mimba pamtunda, akutibayibitsa. Agogo anu anadzifunda chitenje kumutu n'kutembenuka, ulendo wobwerera, akugunda mipando. Kuyambira pamenepo ankayamba afunsa kuti bambo a Tadala avala, asanatuluke m'chipinda.

Chakudya chinalibe nthawi. Kudzuka chilipo, masana chilipo, pakati pake chiliponso. Anthu ankadzaza mbale, kulawa pang'ono, n'kuisiya, kukatenga ina. Agogo anu zinkawapweteka mumtima, ankangoti nyama yonseyi ikanafika ku Makata. Ine vuto langa linali lina. Sindinkatha kukhala. Woperekera zakudya akabwera kudzandikokera mpando, ndinkaimirira n'kumupatsa njira. Tikatha kudya, manja anga ankayamba okha kusanja mbale, zazikulu pansi, mipeni mbali imodzi. Rozina ankandigwira dzanja mofatsa n'kundiuza kuti ndiwasiyire eni ntchito. Bedi ndinkayala ndekha m'mamawa, mokoka bwino makona, moti mayi wokonza m'zipinda ankangoima pakhomo kusowa chogwira. Mwana wanga ankaseka, koma ndinkaona kuti kuseka kwake kukucheperachepera.

Anafika madzulo aakulu aja. Ndinavala thalauza lakuda, malaya oyera, jekete, n'kumanga katayi kaja. Nditadziyang'ana pagalasi, sindiname, ndinadzikonda. Agogo anu, atavala chilundu chawo chatsopano ndi duku, anandizungulira n'kunena kuti lero ndiye akwatiwa ndi bwana. Tinatsika pa chikepe titagwirana mkono ngati achinyamata.

Titangolowa m'chipinda chodyera, ndinaona chinthu chimene sindinachiyembekezere. Masiku ena onse operekera zakudya ankavala zofiirira. Madzulo amenewo, polemekeza mwambowo, onse anavala majekete oyera ndi timatayi takuda ta gulugufe. Alendo aamuna pafupifupi onse anali m'masuti akuda. Bambo a Tadala anaona, n'kuyang'ana nsapato zawo. Rozina anaonanso, koma anangoti ndatchena, n'kutitsogolera ku tebulo lathu. Ndinakhala, ndinadya msuzi woyamba, mtima n'kuyamba kutsika. Ndinadziuza kuti munthu wokhala pansi palibe angamusokoneze ndi wantchito.

Koma ukalamba uli ndi zake. Pakati pa chakudya ndinafuna kukataya madzi. Ndinapita bwinobwino. Pobwerera ndinadutsa pafupi ndi tebulo lina la azungu okhaokha. Mayi wina wachikulire, wa tsitsi loyera ngati thonje, anagogoda tambula yake ndi kasupuni, ngee ngee, osandiyang'ana n'komwe, n'kunena kuti akufuna madzi.

Ana inu, sindinaganize. Ndikanaganiza ndikanakuuzani. Pakamwa panga panangotuluka kuti, "Yesi madamu." Miyendo inanditengera pa kathebulo ka m'mbali pamene panali majagi. Ndinatenga jagi, ndinaponya kansalu koyera pamkono, ndinabwerera, dzanja limodzi kumbuyo, n'kuthira. Bambo amene anali pambali pawo anakweza tambula yake, ndinathiramo. Winanso anakweza, ndinathiramo. Ndinayamba kuzungulira tebulo lonse. Ndipo chimene chimandiwotcha mpaka lero ndi ichi: pa nthawi imeneyo mtima wanga unali pamalo pake. Chikwerereni sitima ija, ndi pamene ndinamva kuti ndikudziwa pamene ndaima.

Sindinamuone Rozina akubwera. Ndinangomva jagi ikuzulidwa m'manja mwanga, madzi n'kutayikira pa nsalu ya tebulo. Anandikalipira m'Chizungu, mokweza, kuti ndikhale pansi. Mukudziwa inu a sukulu kuti Chizungu chilibe mawu aulemu oti inu. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwa mwana wanga anali omwe aja ndinkawamva kwa adona ndikaswa mbale, mpaka kakwezedwe kake.

Ndipo ndinakhala. Pomwepo. Panali mpando wopanda munthu pa tebulo la azungu lomwelo, mwini wake atatuluka, ine ndinangoti khu pamenepo, manja pamaondo, kansalu kadakali pamkono. Wina kumbuyo anaseka, kenaka anadzigwira pakamwa. Matebulo oyandikana onse anasiya kudya. Mayi wachizungu uja anafiira mpaka m'khosi, akupepesa mobwerezabwereza, akufotokoza za jekete. Mkulu wa operekera zakudya anathamangira pomwepo, nayenso kupepesa. Kupepesa konseko kunkangoitana maso ena. Ine ndinkangoyang'ana mbale ya munthu wosamudziwa imene inali patsogolo panga, nyama yodyedwa theka.

Amene anandichotsapo ndi agogo anu. Anabwera osathamanga, anachotsa kansalu kaja pamkono panga n'kukaika pa tebulo, anandigwira n'kunena chapansipansi kuti, bambo a Rozina, tiyeni. Tinayenda pakati pa matebulo onse aja, ndipo chipinda chimene chija chinatalika kuposa msewu wa ku Tete. Kunja kwa chitseko Rozina anatipeza, misozi ili mbwee.

"Ababa, mwandichititsa manyazi. Ndavutikira chiyani ine? Ngakhale pano pomwe?"

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo zinali zowawa chifukwa chomwecho.

Masiku otsalawo sindinatuluke m'chipinda. Ndinati nyanja yandidwalitsa, chikhalirecho nyanja inali bata ngati madzi a mu ndowa. Ndinkaona ngati aliyense pa sitimapo akundidziwa, kuti ndikangotuluka azilozerana kuti mdala wa madzi uja ndi uyo. Agogo anu ankandibweretsera mabanzi ndi nkhuku atakulunga m'mapepala. Bambo a Tadala anabwera kamodzi, atavala bwinobwino, n'kukhala pamphepete pa bedi kukamba za mpira, ine n'kumangoti eya, eya. Munthu wabwino mkamwini uja. Rozina akagogoda, ndinkatembenukira kukhoma n'kutseka maso. Ndinkamumva ataima pakhomo, akupuma, kenaka n'kubwerera. Sikuti ndinamukwiyira ayi. Ndinkachita naye manyazi, ngati mmene umachitira ndi munthu amene wakupeza ukusamba.

M'mawa wina sitima inaima pafupi ndi chilumba cha ku Mozambique, anthu n'kumatsika pa timaboti kukaponda mchenga. Chiyambire ulendo ndinkauza aliyense kuti ndikaponda dziko la bambo anga, ngakhale kwawo kwenikweni kunali kutali kumtunda. Kumphakati ndinalonjeza kuti ndibwera ndi dothi lake m'botolo. Agogo anu anandichonderera, anati anthu aiwala kale, aliyense ali ndi zake. Ndinakana. Dziko la bambo anga ndinalionera pa kawindo, kamzere koyera ka mchenga ndi mitengo ya kokonati, anthu osalidziwa akuthamangapo ndi zipewa zadzuwa. Bambo anga anachokako wapansi kuthawa thangata, ndipo mwana wawo anabwererako pa sitima ya mabwana n'kulephera kutsika.

Titabwerera ku Durban tinakhala kwa Rozina masiku ochepa. M'nyumbamo munali ulemu wambiri, ndipo mukadzakula mudzadziwa kuti ulemu ukachuluka pakati pa bambo ndi mwana, ndiye kuti pali chilonda. Iye ankandiikira madzi osamba, ine n'kuthokoza. Ankandifunsa ngati ndakhuta, ine n'kuvomera. Maso athu sankakumana. Usipa uja anatiphikira, koma unkangotsika opanda kukoma. Ndinayamba kuganiza kuti basi, ndi mmene tidzakhalire mpaka imfa, kulonjerana pa foni ngati anthu a mpingo umodzi, ndipo mwana amene ndinkamubisira m'mphepete mwa keke ndamutaya chifukwa cha tambula ya madzi.

Tsiku lonyamuka anatiperekeza mpaka ku Joni, ku depoti ya mabasi obwera kuno. Malo amenewo ndi a phokoso, ana inu. Amalawi ali pikitipikiti ndi zikwama zamizeremizere zija, mafiriji, matayala, mabulangete, ena akukangana ndi olongeza katundu, pansi pali mafuta a galimoto ndi makoko a malalanje. Bambo a Tadala anakweza katundu wathu. Kondakitala anayamba kuitana anthu. Ndinatambasula dzanja kuti nditsanzikane ndi Rozina monga ndinachitira ndi amuna ake.

Dzanjalo sanalilandire. Anagwada. Namwino wamkulu, atavala thalauza lake loyera, anagwada ndi maondo onse awiri pa simenti ya mafuta ija, pakati pa anthu, monga ankagwadira ali kamtsikana pondipatsa madzi osamba m'manja.

"Ababa, mzungu uja sankakudziwani. Ine ndimakudziwani. Manja amene ndinawalanda jagi aja ndi amene anandiphunzitsa sukulu. Ndinakukalipirani ngati mwana pamaso pa anthu. Ndikhululukireni."

Anthu anayamba kutembenuka. Amayi ena amene ankamanga chikwama anasiya chingwe m'manja. Ine manyazi anayambanso, omwe aja a pa sitima. Ndinawerama n'kumunong'oneza kuti, dzuka Rozina, anthu akuona.

Agogo anu, amene anali kale ndi phazi limodzi pa khomo la basi, anatsika.

"Musiyeni," anatero. "Tsiku lija anthu anaonanso."

Ndinamusiya. Ndinaika dzanja pamutu pake. Ndinafuna kumuuza kuti wolakwa si iye, kuti miyendo yangayi inaphunzitsidwa kalekale iye asanabadwe, kuti pa tebulo lathu lija chakudya chinali chokoma ndipo mnyamata amene anandiperekera msuzi anaperekera bwino. Ndinangoti, zatha mwana wanga, zatha. Iye anagwira miyendo yanga n'kulira, nanenso misozi inagwera pa tsitsi lake, nkhalamba yonseyi, pa depoti ya eni.

Kondakitala, amene anali akukuwa chiyambire m'mawa, anangoima ndi matikiti ake m'manja. Basi inachedwa kunyamuka chifukwa cha ife, ana inu, ndipo mwa anthu onse anali mmenemo palibe ndi mmodzi yemwe amene anadandaula.